Ndege zotera pamadzi ku Cape Maclear: mafunso ndi mayankho

Nthawi zambiri ndikauza munthu kuti pa Cape Maclear pankatera ndege yochokera ku England, ndege yeniyeni ya mainjini anayi yonyamula anthu oposa 30, amandiyang'ana ngati ndikumunamiza. Ena amafunsa kuti nanga bwalo lake lili pati poti kumeneko kuli mchenga, miyala ndi mapiri okhaokha. Nde ndaona kuti ndingosonkhanitsa mafunso amene amabwerabwera aja ndiwayankhe pamodzi, chifukwa nkhaniyi inachitika panyanja yathu ndipo ikuiwalika.

Zoona eti kuti ndege zinkatera panyanja pa Cape Maclear?

Zoona ndithu, si nthano ayi. Kuyambira mu Novembala 1949 mpaka chakumapeto kwa 1950, ndege za kampani ya ku Britain yotchedwa BOAC zinkaima pa Cape Maclear kamodzi pa sabata, pa ulendo wake wa pakati pa Southampton ndi Joni. Nthawi imeneyo dziko lino linkatchedwa Nyasaland, Mangochi anali Fort Johnston, likulu linali ku Zomba ndipo bwanamkubwa anali Geoffrey Colby. Zinangochitika pafupifupi chaka chimodzi basi, ndi chifukwa chake ambiri sazidziwa, koma m'chaka chimenecho munthu ankatha kukwera ndege pagombe la ku England n'kudzatsikira pafupi ndi mudzi wa Chembe. Lero kuti muchoke ku London kudzafika malo omwewo mumayamba mwasintha ndege ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Joni komweko, mutsike ku Lilongwe kapena ku Chileka, kenako mukhale pagalimoto maola angapo.

Nanga bwalo lake linali pati?

Nyanja yomweyo ndiyo inali bwalo. Panalibe simenti, panalibe phula, panalibe mpanda. Malo otera ndege zotere amangofuna madzi otambalala bwino, akuya mokwanira, opanda miyala yobisika pansi, ndiye maboya omangirirapo ndege, maboti a injini, mafuta, wailesi yolankhulirana ndi payiloti, ndi nyumba yoti alendo akapumiremo kumtunda. Basi, ndi zomwezo.

Ntchito yake inali yofanana pamalo onse amene ndegezi zinkaima, kaya pa Nile, kaya pa Zambezi, kaya kwathu kuno. Ndege isanafike, boti linkayamba layendera gawo lonse la madzi limene iti itere, kuchotsa zitsa ndi mitengo yoyandama, kuchenjeza a mabwato kuti apatuke, chifukwa chipika chimodzi chokha ndege itachiomba ikuthamanga chikhoza kung'amba mimba yake madzi n'kuyamba kulowa. Ikatera inkayenda pang'onopang'ono ndi mainjini ake mpaka pa boya, m'modzi wa antchito amatsegula kachitseko kakutsogolo n'kukola chingwe cha boyalo ndi ngowe, ndege n'kumangidwa ngati mmene timamangira boti. Kenako boti lina limabwera kudzatenga alendo, katundu ndi matumba a makalata kupita nawo kumtunda, uku ena akuthira mafuta.

Ndiye mukaona bwino, malo otere sasiya chizindikiro. Bwalo lapamtunda likasiyidwa phula limatsala, anthu n'kumaloza kuti apa panali bwalo. Pamadzi mukangozula maboya n'kuchotsa maboti, nyanja imabwerera mmene inalili.

Ndege yake inali yotani?

Inali Short Solent, yopangidwa ndi kampani ya Short Brothers ku Britain. Ndege zotera pamadzi zilipo za mitundu iwiri ndipo anthu amazisokoneza. Pali tindege ting'onoting'ono timene mmalo mwa matayala amatiika timabwato tiwiri kunsi, thupi la ndege n'kukhala pamwamba osakhudza madzi. Ndiye pali zimene azungu amati flying boat, zomwe mimba ya ndegeyo ndiyo boti, imakhala mmadzi momwemo, kumapiko kuli timaboya tiwiri toti isapendekere mbali imodzi. Solent inali ya mtundu wachiwiriwu. Inalibe matayala oti n'kuterera pamtunda, kwake kunali pamadzi basi.

Kukula kwake, mapiko kuchoka nsonga ina kufika ina anali mamita pafupifupi 34, mulitali mwa ndege mamita pafupifupi 27, ikadzaza inkalemera matani pafupifupi 35. Inali ndi mainjini anayi a Bristol Hercules, iliyonse ya horsepower 1,690. Amene mumadziwa injini za 15 kapena 40 zimene asodzi amamangirira kumbuyo kwa maboti awo tangoganizani phokoso la zinayi zoterozo zikulira pamodzi pakati pa mapiri aja. Mkati munali mosanja kawiri, pansi ndi pamwamba, ndipo inkanyamula alendo 34, ina ya mtundu womwewo 39, ndi antchito asanu ndi awiri. Munali tizipinda, malo omwera zakumwa, ndi pena poti munthu aimirire n'kumasuzumira pawindo. Sinkauluka mmwamba kwambiri ngati ndege zamasiku ano zomwe zimadutsa pamwamba pa mitambo, inkayenda chapansi ndithu, moti alendo ankaona mitsinje, midzi ngakhale nyama zakutchire. Kuipa kwake, kutentha kwa masana kukamakwera kuchokera pansi ndege inkagwedezeka kwambiri ndipo ambiri ankadwala nazo.

Chinthu cholemera matani 35 chimanyamuka bwanji pamadzi?

Apa mpamene pali luso lenileni, ndipo aliyense amene anakwerapo boti la injini yamphamvu amva msanga. Boti likamayamba kuyenda limakankha madzi, mphuno imadzuka, kumbuyo kumamira, limalemera. Likafika pa liwiro lina limakwera pamwamba pa madzi n'kumangotsetsereka, injini n'kupepukidwa. Ndege yapamadzi imachita chimodzimodzi, kungoti iyo imayenera kupitirira pamenepo mpaka kusiyana nawo madziwo, ndipo madzi salola msanga, amakakamira kumimba ngati akuyamwa.

Nchifukwa chake kunsi kwa mimba ya ndege zimenezi kuli podukiza, ngati sitepe, chapakatikati. Ndege ikathamanga mpweya umalowa pa sitepe paja n'kulekanitsa gawo lakumbuyo ndi madzi, nde kagawo kakang'ono kokha ndi kamene kamatsala kakukhudza madzi, liwiro n'kuonjezereka mpaka mapiko atanyamula. Pamafunika mtunda wopitirira kilomita kuti zonsezi zitheke, ndipo payiloti amalozetsa mphuno kumene kukuchokera mphepo.

Chimene chimadabwitsa ambiri ndi chakuti nyanja ikakhala bata lenileni, ili see ngati galasi, mpamene pamavuta. Ponyamuka madzi osalala amagwira ndege kwambiri, moti nthawi zina boti limayamba lazungulirazungulira kutsogolo kuti lipange timafunde. Potera ndiye zoopsa kuposa apo, chifukwa madzi agalasi amangoonetsa thambo, payiloti satha kudziwa kuti kwatsala mamita angati kuti akhudze, akhoza kuganiza kuti akadali mmwamba pamene wafika kale. Mbali inayi mafunde akuluakulu nawonso ndi mdani, amamenya mimba ngati nyundo. Nyanja yabwino kwa ndege ndi yomwe ili ndi kamphepo kayaziyazi ndi timafunde tating'ono.

Ulendo wonse unkayenda bwanji?

BOAC inayamba kugwiritsa ntchito ma Solent pa njira ya ku South Africa pa 4 Meyi 1948, katatu pa sabata, ulendowo ankautcha Springbok. Ankanyamukira padoko la Southampton, kukaima ku Augusta pa chilumba cha Sicily, kenako ku Egypt, ku Khartoum pa Nile, ku Port Bell pa nyanja ya Victoria pafupi ndi Kampala, pa Zambezi kumtunda pang'ono kwa mathithi a Victoria pamalo pomwe anthu anapapatsa dzina loti Jungle Junction, mpaka kukathera pa Vaal Dam. Joni alibe nyanja kapena mtsinje waukulu, nde ndege inkatera padamupo pafupi ndi Deneysville alendo n'kumalizitsa ulendo pamsewu. Mtunda wonse unali makilomita pafupifupi 10,000 ndipo unkatenga masiku anayi ndi theka.

Masiku onsewo si kuti anali mumlengalenga ayi. Ankauluka masana, madzulo n'kutera, alendo kukagona kuhotela, mbandakucha kudzutsidwa kubwerera ku ndege pa boti. Kutera pamadzi usiku kunali kovuta, pankafunika kuyala nyali zoyandama mumzere, ndiye ankakupewa mmene angathere. Cape Maclear inadzaonjezeredwa pa njirayi patatha chaka ndi theka chiyambireni.

Bwanji sankangogwiritsa ntchito ndege zapamtunda?

Poyamba chifukwa chake chinali chosavuta, mu Africa munalibe mabwalo olimba oti ndege yaikulu itere. Mabwalo ambiri anali a udzu kapena dothi, mvula ikagwa matope okhaokha. Koma madzi analipo aulere, Nile, nyanja zikuluzikulu, magombe. Nchifukwa chake mu 1937 kampani ya Imperial Airways, imene pambuyo pake inaphatikizana ndi ina n'kukhala BOAC, inayamba kutumiza makalata ndi anthu ku Durban pa ndege zapamadzi. Njira ya nthawi imeneyo sinkadutsa kwathu, inkachoka ku Kisumu n'kutsikira kugombe, Mombasa, Dar es Salaam, Lindi, Beira, Lourenço Marques mpaka Durban.

Pofika 1948 zinthu zinali zitasintha kale, mabwalo a konkiriti analipo ambiri. Chomwe chinachititsa kuti BOAC ibwererenso pamadzi ndi chakuti Britain inatuluka m'nkhondo yachiwiri ilibe ndege zabwino zonyamula anthu maulendo ataliatali. Ma Avro York amene ankayenda njirayi kuyambira 1945 anali ochokera ku ndege yankhondo, aphokoso komanso osasangalatsa kukwera, ndege yatsopano ya Tudor imene ankaidikira inakhumudwitsa, ndipo madola ogulira za ku America anali osowa. Ndiye Solent inali yongogwirizira podikira zina.

Chifukwa chani Cape Maclear, osati Salima kapena Nkhata Bay?

Yankho muliona mukaima pagombe la Chembe mu Juni kapena Julayi. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita opitirira 550 ndipo mwera ukayamba, mphepo ija yochokera kummwera chakuvuma imene imaomba kuyambira cha mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti, mafunde amakula ngati a kunyanja yamchere. Asodzi amadziwa, pali masiku oti bwato silitsika mmadzi. Ndipo mu 1949 anthu anali asanaiwale za Vipya, sitima yatsopano imene inamira ndi mkuntho kumpoto kwa nyanjayi pa 30 Julayi 1946, anthu 145 n'kufa.

Cape Maclear ili kunsonga kwa Nankumba ndipo gombe lake layang'ana kumpoto chakumadzulo, mapiri ali kumbuyo kwake, kutsogolo kuli zilumba za Thumbi ndi Domwe. Mwera umafika utatchingidwa ndi mapiri aja, moti nthawi imene ku Senga Bay mafunde akuswa pagombe, pa Chembe madzi amakhala odekha ndithu. Madzi ake ndi akuya, oyera, mchenga wokhawokha, palibe mabango ndi zinyalala zoyandama ngati za kumene Shire amatulukira. Ndi ubwino womwewu umene unakopa amishoni a ku Scotland mu Okutobala 1875, pamene E.D. Young ndi Robert Laws anafika ndi sitima yoyamba ija ya Ilala n'kumanga Livingstonia yoyambirira pamalopa. Iwo anapeza doko labwino koma malungo anawagonjetsa, mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Chinanso, pagombepo panali patamangidwa hotela yoti alendo a ndege afikiremo.

Mphepo yokhayo imene imalowa bwino pagombeli ndi mpoto, ya nthawi ya dzinja, pamodzi ndi mikuntho yadzidzidzi imene imabwera ndi mvula.

Dzina loti Maclear linachokera kuti?

David Livingstone ndi amene anatcha malowa dzina la mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi amene ankagwira ntchito ku Cape Town. Eni ake mudziwo ndi Chembe.

Iyi inali ndege yoyamba kutera pa nyanja ya Malawi?

Ayi. Zaka zoposa 20 m'mbuyo mwake Alan Cobham, payiloti wotchuka wa ku Britain, anazungulira Africa pa ndege yapamadzi ya Short Singapore pofufuza ngati njira yotere ingatheke. Ananyamuka ku England mu Novembala 1927, anatsata Nile, nyanja ya Victoria, ya Tanganyika, n'kudutsa pa nyanja yathu mu 1928 asanatsikire ku Beira. Uwo unali ulendo wofufuza chabe. Za 1949 kusiyana kwake nkwakuti zinali ndi tsiku lake, tikiti yake ndi makalata ake, sabata ndi sabata.

Nanga ankakwera ndani? A Malawi ankakwera nawo?

Funso ili ndimalikonda chifukwa anthu akamakamba za ndegezi amangokamba za kukongola, nyanja yobiriwira, ndege yoyera ikutera madzi ali phwaa mbali zonse. Kukongolako kunalipo, sindikukana. Koma okwera anali akuluakulu a boma la atsamunda, eni minda ya tiyi ndi fodya, amalonda, amishoni, ndi alendo olemera opita ku Rhodesia ndi ku South Africa. Azungu m'dziko muno panthawiyo anali masauzande ochepa chabe pakati pa anthu oposa 2 miliyoni, ndipo mtengo wa tikiti unali wosayerekezeka n'komwe ndi zimene munthu wamba ankalandira pa esiteti kapena pantchito ya boma.

Ndipo taonani nthawi yake. Mvula ya 1948 kupita 1949 inadula pakati, chimanga chinapserera mminda, ndipo chakumapeto kwa 1949 mpaka kumayambiriro kwa 1950 njala inavuta koopsa m'chigawo chakummwera, makamaka madera ozungulira Blantyre monga Lunzu ndi Lirangwe. Agogo athu ambiri ankawerengera zaka zawo kuchokera pa njala ya 49 imeneyi. Ndiye miyezi yomweyo imene anthu ankakumba mizu kutchire ndi kuima pamzere kudikira chimanga cha boma, ndi imene ndege yokhala ndi malo omwera zakumwa inayamba kutera pa Cape Maclear. Ine ndimaona kuti nkhani ziwirizi ziyenera kukambidwa limodzi, chifukwa zinachitika m'dziko limodzi nthawi imodzi.

Chinanso chimene chimandikhudza ndi choti ndegeyi inkapita ku Joni, komwe amuna a kwathu masauzande ambirimbiri ankapitanso zaka zomwezo kukagwira ntchito m'migodi. Iwo ankapita wapansi, pa malole, pa sitima ya pamtunda, ena kudzera ku Wenela ena mwa selufu, ulendo wa masabata kapena miyezi. Wenela inadzayamba kuwanyamula pa ndege m'zaka za m'ma 1950, kuwatula ku Francistown n'kumalizitsa pa sitima, mpaka ngozi ija ya mu Epulo 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha a Malawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Kamuzu n'kuimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodi. Mbiri ya a Malawi wamba ndi ndege za ku Joni ndi imeneyo. Ya pa Cape Maclear anthu a ku Chembe ankaionera pagombe, ndi kupatutsa mabwato awo ikamabwera.

Zinatha bwanji msanga chonchi?

Sikuti Cape Maclear inalakwa kanthu. Mu Novembala 1950 BOAC inasiyiratu ndege zapamadzi pa njira zake zonse, ndipo malo onse oterapo anatsekedwa pamodzi, Port Bell, Zambezi, Vaal Dam ndi kwathu. Mmalo mwake munalowa ndege yapamtunda ya Handley Page Hermes.

Zifukwa zake zinali za ndalama ndi nthawi. Nkhondo inasiya mabwalo a konkiriti paliponse, nde ubwino wotera pamadzi unatha ntchito. Mimba ya boti ndi yolemera ndipo imakoka mphepo, kotero ndege yapamadzi imamwa mafuta ambiri n'kumayenda pang'onopang'ono. Pamalo aliponse poima kampani inkayenera kusunga maboti ake, antchito ake, maboya ake, zonsezo chifukwa cha ndege imodzi kapena zitatu pa sabata, pamene bwalo lapamtunda makampani ambiri amagawana mtengo. Pa njira yomweyo South African Airways inkayendetsa ma DC-4 a ku America amene ankafika msanga, ndipo munthu wa bizinesi sangasankhe masiku anayi ndi theka ngati pali ndege yachangu. Pasanathe zaka ziwiri, pa 2 Meyi 1952, BOAC yomweyo inayambitsa ulendo woyamba padziko lonse wa ndege ya jeti yonyamula anthu, Comet, kuchoka ku London kukafika ku Joni osakwana maola 24, kuima ku Rome, Beirut, Khartoum, Entebbe ndi Livingstone. Nyasaland munalibe pa mndandandawo. Kuyambira pamenepo wofuna kubwera kuno ankayenera kusintha ndege n'kudzatera ku Chileka.

Ndege zapamadzi zikuluzikulu zinapitirirabe pang'ono kwina, kampani ya Aquila Airways inkapita nazo ku Madeira mpaka 1958, ndipo ya ku New Zealand inayenda nazo kuzilumba za Pacific mpaka 1960.

Hotela ija ilipo? Ndikapita ndikaona chani?

Hotelayo sinakhalitse ndege zitasiya. Msewu wopita ku Cape Maclear unali woipa kwambiri, wokwera ndi kutsika m'mapiri, dzinja likafika osadutsika, pamene ku Salima njanji inali itafika kale mu 1935, nde alendo a kunyanja kunali kosavuta kupita ku Senga Bay. Popanda ndege hotela ya ku Cape inasowa anthu ndipo inatsekedwa.

Lero mbali imeneyo ya gombe ili mkati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna. Mukapita mukaona manda a amishoni oyamba aja, Otter Point, ndi madzi a pakati pa gombe ndi Thumbi. Ndikupemphani kuti mukakhala kumeneko mucheze ndi achikulire a m'mudzimo. Mwana amene anali ndi zaka 10 mu 1950 pano wapitirira zaka 80, ndiye amene anaiona ndegeyi ndi maso awo atsala ochepa kwambiri, ndipo zimene zinalembedwa zambiri ndi za okwera, za oonerera pagombe sizinalembedwe mokwanira. Muli ndi foni yojambula mawu mthumba, pemphani chilolezo mwaulemu, ajambuleni, funsani kuti ankaitcha chani, ankawauza chani za mabwato ndi maukonde, ndani ankagwira ntchito pa maboti ndi kuhotela.

Alipobe malo ang'onoang'ono otere kwina, oti ndege zimatera panyanja?

Alipo ambiri, makamaka ku Canada ndi kumpoto kwa America, koma ndi a tindege tating'ono ta timabwato tiwiri tija. Ambiri amagwira ntchito nyengo imodzi pachaka chifukwa kumeneko nyanja zimaundana kukazizira, madzi kusanduka ayisi wolimba. Ayisi akasungunuka cha mu Epulo kapena Meyi amabwezeretsa madoko mmadzi ndege n'kuyamba, kukayamba kuzizira amazula zonse n'kutulutsa ndege.

Amene amandisangalatsa kwambiri ndi a Alton Bay pa nyanja ya Winnipesaukee ku New Hampshire. Nthawi yotentha ndi malo otera ndege zapamadzi. Nyanja ikaundana, ayisi akakhuthala kufika masentimita 30, anthu amabwera ndi magalimoto okankha chipale n'kulambula msewu wa ndege pamwamba pa ayisi pomwepo, ndege za matayala n'kumatera panyanja, kawirikawiri kuyambira chakumapeto kwa Janyuwale kwa masabata ochepa. Ku America konse kupatula Alaska ndi bwalo lokhalo la pa ayisi lovomerezeka ndi boma. Zaka zina posachedwapa silinatsegulidwe n'komwe chifukwa sikunazizire mokwanira. Ku Greenville m'chigawo cha Maine, pa nyanja ya Moosehead, eni ndege zapamadzi amasonkhana chaka ndi chaka mu Seputembala, ndipo bwalo la ndege zapamadzi lalikulu kuposa onse ndi Lake Hood ku Anchorage, Alaska.

Kwathu nyanja siundana, koma nyengo tili nayo, ndi mwera uja. Aliyense wofuna kuyendetsa tindege tating'ono pa nyanja yathu ayenera kuwerengera miyezi imeneyo.

Zingabwererenso ku Cape Maclear?

Ndege zazikulu ngati Solent ayi, nthawi yake inapita. Tating'ono tikhoza, ku Maldives alendo ambiri amafika kumahotela awo pa ma Twin Otter otera pamadzi ndipo bizinesiyo ikuyenda bwino. Pa nyanja yathu pali malo ngati Likoma, Nkhata Bay ndi magombe ena ovuta kufikako pamsewu amene angapindule, ngakhale pa nkhani yonyamula odwala mwachangu.

Koma Chembe wa lero si wa 1949. Ndi mudzi waukulu wa anthu masauzande ambiri, madzi aja adzaza mabwato, maboti a alendo, ana osambira, osambira pansi pamadzi kukaona mbuna, madzulo asodzi a usipa akutuluka ndi nyali ndi chilimira. Kuti ndege itere pamafunika kupatula gawo lalikulu la madzi pa ola lodziwika, ndiye funso loyamba ndi lakuti asodzi avomera kodi, ndipo apindula chani. Lachiwiri ndi la paki, mafuta akatayikira pafupi ndi miyala ya Thumbi pomwe pali nsomba zosapezeka kwina kulikonse padziko lapansi, ndani ayankhe. Ine maganizo anga ndi oti ngati zingadzachitike ziyambire pa bwalo la mfumu ndi makomiti a asodzi a pagombe, kenako ku Lilongwe, osati mmene zinayendera poyamba paja.

Solent yeniyeni ndingakaione kuti?

Zatsala ziwiri zokha. Ina ili ku Oakland Aviation Museum ku California, ndipo imeneyo inagwirapo ntchito ku BOAC. Inayo ili ku MOTAT, malo osungirako zinthu zakale ku Auckland, New Zealand, dzina lake Aranui, ndi imene inkayenda kuzilumba za Pacific mpaka 1960. Zonse ziwiri zili pamtunda.